Za Kumanga Nyumba ya Mulungu: Muyambe Kuwerenga Padenga

Werengani 1 Mbiri 22 ndi Luka 14:28-30.

Mwezi uno ndifuna kunena nanu za makoma opanda denga. Munthu ali yense woyenda m'dziko muno awadziwa. Aimirira m'mbali mwa njira, ena olekezera m'chiuno, ena pamazenera, ena anafikadi pamwamba natsala alikuyembekeza mitanda imene siinadze. M'kati mwao mwamera chisoso ndi tsekera, mbuzi zigonamo usana, ndipo dzinja liri lonse mvula ichotsako mzere wa njerwa. Mukafunsa eni mudzi adzati, Ndicho chalichi chathu chatsopano. Mukafunsanso kuti chinayamba liti, adzakulozerani mwana amene anabadwa chaka cha maziko, ndiye alikupita kusukulu tsopano.

Anthu amene anayamba makoma amenewa sindiwayesa oipa, iai. Ambiri a iwo anali ndi changu choposa cha anzao. Anamva manyazi kupempherera m'chisakasa chodontha pamene wasitolo agona m'nyumba ya malata, ndipo tsiku lina la Sabata, mitima iri yotentha, anapangana kuti, Mawa lomwe tikumbe maziko. Nakumbadi, naumba njerwa, nazisenza ndi nyimbo. Koma panalibe mmodzi wofunsa kuti malata adzakhala angati, ndi mtengo wake, ndi mwezi umene adzafunika. Chinasowa ndicho chimene Ambuye anachitchula pa fanizo la munthu wofuna kumanga nsanja, amene ayenera kuyamba ndi kukhala pansi, nalingalira ngati chuma chake chidzamfikitsa kumapeto, kuti angalekere pamaziko ndi kusekedwa ndi opita m'njira. Tidziwa kuti fanizoli linanenedwa za kumtsata Iye. Koma taonani kuti kuwerengako anakutenga monga chinthu chodziwika kwa munthu ali yense wanzeru, chosafuna makani. Ndipo chiseko chimenecho sichigwera omanga okha. Akunja poona bwinja la chalichi sanena kuti akulu a mpingo analakwa masamu. Anena kuti Mulungu wa anthu aja anawalephera.

Alipo ena mwa ife amene ayesa kuti kuwerenga ndiko kuchepa kwa chikhulupiriro. Ati, Tiyeni tingoyamba, Mulungu adzapatsa. Mau awa amveka okoma pamsonkhano, ndipo mkulu wofunsa za mtengo wa misomali aoneka ngati Tomasi pakati pa ophunzira. Tsono tiyeni tione mfumu Davide, amene palibe munthu angamnene kuti anali wosakhulupirira.

Davide anafunitsitsa kummangira Yehova nyumba, pakuti kunamuwawa kukhala iye m'nyumba ya mikungudza pamene likasa la chipangano liri m'hema. Koma Mulungu anamkaniza, chifukwa anali munthu wa nkhondo wokhetsa mwazi wambiri. Womanga adzakhala mwana wake Solomo. Wina akadanyanyala, nati, Popeza dzina langa silidzakhalapo, adzionere yekha mnyamatayo. Davide sanatero. Anaona kuti mwanayo ngwamng'ono, wosazolowera ntchito, ndi kuti nyumbayo njolemera, natha zaka zake zotsiriza alikukundika. Anaika osema miyala. Anasonkhanitsa chitsulo cha misomali ya zitseko, ndi mkuwa wochuluka wosatheka kuuyesa. Anaitanitsa mikungudza kwa anthu a ku Turo ndi ku Sidoni. Pa mutu 28 timva kuti anapatsa Solomo chifaniziro cha nyumba yonse, khonde lake, zipinda zake, ndi mosungira chuma mwake, kufikira kulemera kwa golidi wa choikapo nyali chiri chonse. Anagawiratu ndi magulu a Alevi, oimba ndi odikira pamakomo, a nyumba imene mwala wake woyamba unali usanaikidwe. Mfumu yaikulu yotere kuganizira misomali! Ndipo ngakhale zonsezi zinali chikhalire, Solomo sanathamange. Anayamba chaka chachinai cha ufumu wake, atapangana ndi Hiramu mfumu ya ku Turo za mitengo ndi za tirigu ndi mafuta zolipira, namanga zaka 7. Nyumbayo siinali yaikulu monga ambiri aganiza: mikono 60 m'litali ndi mikono 20 m'mimba, ndiko kunena ngati mamita 27 ndi mamita 9, alipo machalichi m'dziko lathu oiposa. Miyala yake inasemedweratu kumene anaikumba, kotero kuti pomanga sipanamveke nyundo kapena nkhwangwa. Bata limenelo likadatheka bwanji popanda munthu amene anayesa mwala uli wonse usanachoke kuphiri, nadziwa malo ake m'khoma?

Chinthu choyamba chimene Davide anachikonza ndicho malo. Kachisi anamangidwa pa dwale la Orinani Myebusi. Ndipo mukumbukira kuti mwini dwale anafuna kulipereka kwaulere pamodzi ndi ng'ombe zake, koma mfumu inakana, nilipira mtengo wake wonse. Momwemonso mneneri Yeremiya, pogula munda wa mbale wake ku Anatoti, analemba kalata, naitana mboni, nayesa siliva pamaso pao, nauza Baruki kuti asunge makalatawo m'mbiya kuti akhale zaka zambiri. Anthu awa anadziwa kuti chokoma cha pakamwa chimwalira pamodzi ndi mwini pakamwa. Mfumu ya mudzi ipereka malo ndi mtima wabwino lero; ikamwalira alowa mphwake, wosadziwa pangano, kapena adza mwini mbumba kunena kuti pamene paima guwa panali munda wa agogo ake. Milandu yotere yagawa mipingo yambiri, ndipo iyamba makoma ataima kale, pamene simungathe kuwasenza. Chifukwa chake malo alembedwe, nyakwawa ndi eni mbumba aikepo dzina kapena chala, ndi mfumu yaikulu idziwe. Chiyambire lamulo la malo a makolo la chaka cha 2016 iripo njira yolembetsa malo otere. Akulu akafunse ku ofesi ya bwanamkubwa. Ndipo m'malire mubzale khonje kapena nkhadze tsiku lomwelo, mboni ziri chipenyere.

Posankha malowo mufunse agogo akazi, amene akumbukira kumene madzi anapita zaka za chigumula. Anthu a ku Phalombe sanaiwale napolo wa mu 1991; ndipo mu Malichi 2023 namondwe wotchedwa Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'dziko la Malawi, ambiri a iwo kum'mwera, pamene matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche ndi m'mapiri ena nizikwirira nyumba. Malo a m'mphepete mwa dambo, kapena pakamwa pa chigwembe chotsika m'phiri, apezeka msanga chifukwa palibe wina awafuna. Kumbukirani kuti tsiku la tsoka anthu a m'mudzi, Akristu ndi akunja omwe, athawira kuchalichi ndi kusukulu. Nyumba yathu iyenera kuima pamene zao zagwa.

Tsono ndifike pa mau amene ndawalemba pamutu pa nkhani ino. Bwanji makoma ambiri alekera padenga, osati pamaziko kapena pakati? Chifukwa chake nchakuti khoma lituruka m'manja mwathu, koma denga lituruka m'thumba. Dothi liri pachulu, madzi ali kumtsinje, miyala iri kuphiri, manja tiri nao. Mpingo wa anthu osauka ukhoza kuutsa khoma lalitali popanda kugula kanthu kena koma mchere wa ndiwo za amisiri. Koma malata, misomali, matabwa, simenti ndi zitsulo za lintala, zitseko ndi magalasi, zonsezi ziri kusitolo, ndipo wasitolo salandira changu. Pomanga tiyamba pansi kukwera kumwamba. Powerenga tiyenera kuyamba kumwamba kutsika pansi. Mufunse poyamba kuti, Denga limene tingathe kuligula m'zaka ziwiri kapena zitatu nlotani? Mukalidziwa, pamenepo muyese makoma olingana nalo. Makolo anati mutu umodzi susenza denga. Ndipo ine ndionjezapo kuti ngakhale mitu yambiri iyenera kuyamba yaliyesa kulemera kwake.

Pano pali chinthu chimene amisiri achidziwa, koma misonkhano ichiiwala kawirikawiri. Kukula kwa nyumba m'mimba kudya ndalama koposa kutalika kwake. Mukaonjeza m'litali, muonjeza mitanda yofanana ndi inzake. Koma mukaonjeza m'mimba, mtanda uli wonse ufuna matabwa okulirapo, ndi luso lalikulu powalumikiza, ndi makoma olimba kuti angakankhidwe kunja. Ndiponso nyumba yocheperapo m'mimba mukhoza kuitalikitsa mpingo ukakula, pogumula khoma limodzi la kumapeto. Koma nyumba yotambalala imene munalephera kuifolera simungathe kuichepetsa. Kawirikawiri muyeso wa chalichi usankhidwa poyang'ana cha mpingo wina wa kutsidya, kuti chathu chipose chao ndi mapazi awiri. Muyeso wotere uchokera ku Babele. Werengani anthu amene adza tsiku la Mgonero, onjezanipo ana alinkukula, nimuyese pamenepo.

Tiyeni tiyese chitsanzo, kuti muone kuti masamu ake satopetsa; mwana wa sukulu awatha pa sileti. Tinene nyumba ya mamita 24 m'litali, 10 m'mimba, ndi makoma a mamita 4. Ikhoza kulandira anthu ngati 300. Kuzungulira kwake ndi mamita 68. Khoma lochindikala njerwa yathunthu lidya njerwa za muyeso wamba ngati 120 pa mita imodzi m'litali ndi imodzi m'mwamba. Mukachotsa malo a mazenera ndi makomo mupeza njerwa ngati 28,000; mukaonjeza za maziko, za nsonga ziwiri za kumapeto, ndi zosweka ndi zosapsa, muyandikira 40,000. Malata a mapazi 10 adzafunika ngati 150. Tsono tumizani atumiki awiri kusitolo akafunse mtengo wa lata limodzi, naone geji yake, pakuti nambala ikakwera lata lipepuka: la 28 nlochindikala koposa la 32, ndipo lopepukalo lichita dzimbiri msanga. Akabwera ndi mtengo, muuwerenge pamaso pa mpingo wonse. Nkwabwino kuti anthu adzidzimuke tsiku limenelo, khasu lisanakhudze pansi, kusiyana ndi kudzidzimuka Novembala mitambo iri pamutu. Ndiponso kanthu kena kakang'ono: mukagawa njerwa kuti mudzi uli wonse uumbe zake, zikombole zonse zipalidwe ndi kalipentala mmodzi, pa muyeso umodzi. Njerwa za zikombole zosiyana zivuta womanga, zidya dothi lambiri pomata, ndipo khoma lake lituruka lokhota.

Atatha masamu a zinthu, pali masamu a miyezi. Mulungu anatipatsa chaka chogawika pawiri, ndipo womanga wosamvera nyengo alimbana ndi Mlengi. Njerwa ziumbidwa titakolola, Meyi, Juni ndi Julayi, madzi akali m'zithaphwi, ziuma ndi mphepo ya mwera, ziotchedwa Ogasiti, khoma likwera m'malimwe, ndipo denga liyenera kukhala pamwamba mvula yobzalira isanagwe. Miyezi imeneyi njowerengeka, ndipo mpingo wofuna kuchita zonse chaka chimodzi ndiwo upezedwa ndi dzinja uli pakati. Njira yabwino ndiyo kugawa ntchito pa zaka. Chaka choyamba njerwa ndi kugula malata ena. Chachiwiri maziko ndi malata otsala ndi matabwa. Chachitatu makoma ndi denga pamodzi, m'malimwe amodzi. Njerwa zopsa bwino zikaunjikidwa ndi kufoleredwa udzu zidikira zaka osaonongeka; malata osungidwa pouma adikiranso; koma khoma lomata ndi dothi, lopanda chofunda pamutu pake, silidziwa kudikira. Ndipo chisakasa chakale musachigwetse kufikira tsiku lolowa m'nyumba yatsopano, ngakhale chinyozeke bwanji.

Za masiku a ntchito, taonani nzeru ya Solomo ndi kulakwa kwake komwe. Anasankha amuna 30,000 okadula mitengo ku Lebano, koma sanawatumize onse pamodzi. Anapita 10,000 mwezi umodzi, nakhala kwao miyezi iwiri, kuti minda ndi mabanja zisafe. Anachita bwino pamenepo. Koma ntchitoyo inali yokakamiza, ndipo siinalekere pa kachisi. Nyumba ya mfumu inatha zaka 13, ndi midzi ina yambiri pambuyo pake. Atamwalira Solomo anthu anadza kwa mwana wake Rehabiamu kupempha kuti goli lipepuke. Iye anakana uphungu wa akulu, anthu anamponya miyala kapitao wa ntchitoyo, ndipo mafuko khumi anapatuka osabwereranso. Ife sitifuna munthu wotimasulira nkhani imeneyi, pakuti makolo athu a ku Chiradzulu ndi ku Thyolo anaidziwa thangata pa minda ya Azungu, ndipo dzina lake liwawabe m'makutu. Nyumba ya Mulungu isasanduke thangata. Musaitane anthu ku njerwa nthawi yopalira, kapena mwezi wa Febuluwale nkhokwe ziri mbee. Musaike msonkho umodzi pa mwini ng'ombe ndi pa mkazi wamasiye wolera adzukulu. Ndipo choipa choposa zonse, chimene ndachimva m'malo ena ndi chisoni, ndicho kuopsa munthu kuti sadzaimbiridwa nyimbo pa maliro ake chifukwa sanasonkhe za malata. Pomanga chihema m'chipululu anthu anapereka mwa ufulu kufikira Mose anawaletsa, popeza zinachuluka. Ndipo anatero atauzidwa bwino lomwe chimene chidzamangidwa ndi zofunika zake. Anthu aumira pamene sadziwa kumene chopereka chao chipita.

Mau amodzi za amai. Madzi onse a njerwa 40,000 adzapita pamitu pao, ndi mchenga, ndi nsima ya amisiri. Nchosayenera kuti amuna okha apangane masiku, amai nangomva cholengeza. Akhale nao pamsonkhano woyamba, anene okha kutalika kwa chitsime ndi miyezi imene angathe.

Nkhuni nazo ziwerengedwe. Uvuni wa njerwa udya mitengo yaikulu yambiri, ndipo mapiri athu ayera kale. Ngakhale mkungudza wa pa Mulanje, umene makolo anapala nao zitseko ndi mitanda yosadyeka ndi chiswe, watsala pang'ono kutheratu. M'chaka cha 2018 boma la Malawi linaika malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi pa nyumba zazikulu za malonda ndi za mabungwe. Chotero akulu afunsiretu ngati lamulolo likhudza nyumba yao, makamaka okhala pafupi ndi mizinda. Ziripo njerwa za simenti, ndi zina za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zopsinja ndi makina osaotcha. Zifuna ndalama m'malo mwa nkhuni, ndipo mpingo uli wonse uyese wokha chimene ungathe. Koma kugwetsa mitengo ya m'mbali mwa mtsinje kapena ya kumanda kuti timange nyumba ya Iye amene anailenga, chimenecho sindichiyesa chopereka.

Ndidziwa kuti wina wodziwa mbiri adzanditsutsa, nati, Nanga chalichi cha ku Blantyre? Kodi sichinamangidwa popanda chithunzi? Zoonadi. Mbusa David Clement Scott, amene anayamba chalichi cha St Michael and All Angels m'chaka cha 1888, sanaphunzire za kumanga, ndipo sanalembe chifaniziro cha nyumba yonse asanayambe. Amuna amene anagwira naye ntchito anali anthu a m'dziko muno osaumbapo nyumba yotere. Njerwa zinaumbidwa ndi kuotchedwa pomwepo, za maonekedwe osiyanasiyana ngati 81. Chinatsegulidwa pa 10 Meyi 1891, ndipo chiimabe lero. Koma wotsutsayo amve mbali yotsala. Chigawo chiri chonse chovuta, mbusayo ndi amisiri ake anayamba achisanja ndi njerwa zouma popanda chomatira, nachiyang'ana, nachikonza, ndipo pamenepo pokha anachimanga. Kodi kumeneko si kukhala pansi? Njerwa za maonekedwe 81 zifuna zikombole 81, ndipo chikombole chipalidwa ndi munthu amene waona kale m'mtima mwake malo a njerwayo. Ndiponso Mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876. Inakhala zaka 12 iri kupempherera m'nyumba yonyozeka, kuphunzitsa anyamata kupala matabwa ndi kuumba njerwa, isanautse nyumba yaikuluyo. Ndipo kumbuyo kwake kunali mpingo wa ku Scotland ndi chuma chake. Amene afuna kutsanza Scott pa kusalemba chithunzi atsanzenso kupirira kwake. Ife tonse otsala tifune mmisiri wodziwa atilembere pa pepala.

Ku Likoma anachita mwa njira inayo. Kumeneko kunali mmisiri wophunzira, Frank George, amene analemba nyumba yonse. Mwala wa maziko unaikidwa mu Januwale 1903, anthu anayamba kupemphereramo mu 1905, ndipo inapatulidwa yotha mu 1911. Pachilumba pali miyala yambiri koma mitengo njochepa, ndipo zofunika zambiri zinayenera kuoloka nyanja, monga mikungudza ya Hiramu inayandama panyanja kunka ku Yopa. Womanga pachilumba sangathe kunena kuti, Ndaiwala chakuti, thamanga ukatenge. Mpingo wa kumudzi, umene mseu wake ufa dzinja lonse, uli pachilumba nawonso.

Tsopano za ndalama, pakuti mipingo yambiri yapasuka pa thumba koposa pa chiphunzitso. M'masiku a mfumu Yoasi kachisi anafuna kukonzedwa, ndipo ndalama zinaperekedwa m'manja mwa ansembe. Zaka zinapita, kufikira chaka cha 23 cha ufumu wake, ming'alu iri chikhalire. Buku silinena kuti ansembewo anaba. Ndalama zinangosungunuka m'zosowa za tsiku ndi tsiku, monga zichita kwa ifenso pakagwa maliro kapena pakadza alendo. Pamenepo wansembe Yehoyada anatenga bokosi, naboola chivundikiro chake, naliika poonekera. Likadzala anadza anthu awiri, mlembi wa mfumu ndi mkulu wa ansembe, nawerenga pamodzi, napereka kwa oyang'anira ntchito. Ntchito inatha. Mtumwi Paulo yemwe, posonkhetsa za osauka a ku Yerusalemu, sanafune kunyamula thumba yekha; anayenda ndi abale osankhidwa ndi mipingo, kuti pasakhale wonena kanthu. Ngati Paulo anafuna mboni, msungichuma wathu asakwiye tikampatsa mnzake. Ndalama za nyumba zikhale pazokha, zosabwerekedwa ngakhale ndi mbusa. Owerenga akhale awiri kapena atatu a mabanja osiyana. Zolowa ndi zoturuka zilembedwe m'buku, niziwerengedwe pamaso pa mpingo mwezi ndi mwezi, ndi malisiti ake. Kuchita chomwechi kutchinjiriza munthu wokhulupirika ku miseche, pakuti mkulu wosaba amene alibe buku sangathe kudziyeretsa.

Koma musasunge ndalama nthawi yaitali ziri ndalama. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi magawo 25 pa 100, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi magawo 44 pa 100. Mipingo imene inali ndi ndalama za denga lonse m'buku inadzuka m'mawa iri ndi za theka. Chiswe cha ndalama sichioneka ndi maso. Chifukwa chake zikakwanira malata khumi, gulani malata khumi, muwalembe m'buku, muwasunge m'nyumba yokhoma imene makiyi ake ali ndi anthu awiri. Misomali, mawaya omangira denga kukhoma, ndi mafelemu a mazenera, zonsezi zisungika. Simenti yokha musaigulire kale. Thumba la makilogalamu 50 likakhala miyezi yambiri, makamaka m'dzinja, likoka chinyezi niliuma ngati mwala. Iyo igulidwe womanga ali pafupi kuyamba. Ndi mmisiri mupangane polemba, mtengo wa chigawo chiri chonse, ndipo alandire chigawocho chitatha. Koma chikatha mumlipire msanga, angakhale ali Mkristu mnzathu, pakuti ana ake sadya mathokozo.

Ndisanaleke ndichenjeze a mbali inayo, kuti mau anga angasanduke mtsamiro wa aulesi. Ayuda atabwera ku ukapolo wa ku Babulo anaika maziko a kachisi ndi kupfuula kwakukuru, koma adani atawavuta analeka, ndipo mazikowo anagona zaka zoposa khumi ndi zisanu. M'chaka chachiwiri cha mfumu Dariyo, ndicho 520 Kristu asanabadwe, mneneri Hagai anawapeza alikunena kuti nthawi siinakwane, pamene nyumba zao za iwo eni zinali zofoleredwa bwino. Anawadzudzula, nawauza chinthu chogwirika: akwere kuphiri akatenge mitengo. Anamvera, ndipo nyumba inatha chaka chachisanu ndi chimodzi cha mfumu yomweyo. Alipo akulu amene akhala pansi zaka khumi alikuwerenga, ndi komiti yosankha komiti inzake, osagula ndi lata limodzi lomwe. Kuwerenga kumene ndikunena kuli ndi tsiku lotha. Miyezi iwiri kapena itatu ikwanira kudziwa malo, muyeso ndi mtengo. Ndipo inu amene muli nao kale makoma ogona, musawathawe ndi manyazi. Itanani mmisiri awayese. Chimene chafumbwa chigumulidwe, pamutu pa chotsala mufolerepo udzu dzinja lino, nimuyambe kugula malata monga ndanena.

Kwa inu okalamba amene munena mumtima kuti, Ine sindidzalowamo, nditayirenji mphamvu? Davide sanalowemo, ndipo ndiye anapereka koposa onse, naonjeza chuma chake cha iye mwini pamwamba pa cha ufumu, akulu a mafuko natsata chitsanzo chake. Iripo ntchito yoyenera inu chaka chomwe chino. Mtengo wa bulugamu ufuna zaka zisanu kapena zoposa kuti ukwanire phaso, ndi zambiri ndithu kuti uchekedwe matabwa. Mpingo umene uganiza zomanga m'tsogolomo upemphe kamunda kwa mfumu, kutali ndi chitsime ndi minda ya anthu popeza mtengowu umwa madzi ambiri, nufese mbeu zake m'malimwe kuti mbande zikhale zokonzeka Disembala, mvula itakhazikika. Pobzala musiye mamita awiri kapena atatu pakati pa mtengo ndi unzake, ndipo ana a sukulu apatsidwe mizere yao, aipalire ndi kuitchinga mbuzi ndi moto wa lupsa zaka ziwiri zoyamba.